Phunziro 6: Munda ndi Chuma cha Masiye Maliro Akatha

M'maphunziro apitawa tinaona kuti m'dziko lathu la Mozambique nthaka yonse ndi ya Boma, ndipo siigulitsidwa kapena kuikidwa chikole. Chimene inu muli nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malo ndi kupindula nawo, umene m'maofesi amautchula mwachidule kuti DUAT. Funso la phunziro lino ndi ili: mwini ufuluwo akamwalira, munda umapita kwa yani, nanga ndani amausunga pamene abale sanagawane? Funsoli silikhudza munda wokha. Likhudzanso nyumba, mbuzi, njinga yamoto, chigayo, ndalama za ku banki, ngakhalenso ngongole zimene malemu asiya.

Poyamba dziwani kuti ufulu wa malo sufera limodzi ndi mwini wake. Lamulo la Malo la mu 1997, lomwe ndi nambala 19/97, linanena pa ndime 16 kuti ufuluwu umasiyidwa ngati cholowa popanda kusankha kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Mu 2022 Boma linavomereza ndondomeko yatsopano ya za malo, koma mfundo ya cholowayi siidalira ndondomeko, chifukwa ili m'Malamulo Oyendetsera Dziko, pa ndime 111. Dziwaninso kuti kusowa kwa pepala la DUAT sikuchotsa ufulu. Munda umene banja lalima motsatira mwambo, kapena umene munthu wakhalapo mwachilungamo kwa zaka 10, ndi ufulu weniweni, ndipo umboni wa anthu a m'deralo, amuna ndi akazi omwe, umalandiridwa.

Pepala loyamba

Maofesi a Boma sadziwa maliro. Ngakhale mudzi wonse utalira, kwa iwo munthu amakhala akadali moyo kufikira imfa yake italembedwa m'kaundula. Choncho ntchito yoyamba ndi kukalembetsa imfayo ku Conservatória do Registo Civil ndi kutenga kalata yotchedwa certidão de óbito. Ngati munthu wamwalirira ku chipatala, monga ku Hospital Provincial de Lichinga, achipatala amapereka pepala lotsimikiza imfa, ndipo ndi limene mumapita nalo. Ngati wamwalirira kunyumba, yambani ndi mlembi wa bairro kapena mfumu kuti akulembereni kalata ya umboni. Musachedwe. Zaka zikapita mboni zimasamuka, zina zimamwalira, ndipo ntchito imene ikanatha m'mawa umodzi imasanduka mlandu.

Sungani malo amodzi chitupa cha malemu, kalata ya ukwati ngati ilipo, pepala la malo ngati lilipo, ndi makalata a kubadwa a ana onse. Onetsetsani makalata a anawo. Mwana amene dzina la bambo ake silinalembedwe m'kaundula amayenera kuyamba watsimikiza ku khoti kuti malemuyo analidi bambo ake, ndipo ulendo umenewo ndi wautali. Abambo amene mukuwerenga muli moyo, nkhani imeneyi ikonzeni lero.

Patulani kaye za wamoyo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Maliro akatha, pa tsiku lometa kapena la sadaka, abale amakhala pansi n'kuyamba kuwerenga zonse zimene zili pakhomo ngati kuti zonsezo zinali za malemu. Sizili choncho. Pakhomopo pali munthu wamoyo amene nayenso anagwira khasu.

Lamulo la Banja limati ngati okwatirana sanasankhe dongosolo lina, chuma chimene apeza ali m'banja ndi cha onse awiri. Mmodzi akamwalira, theka la chumacho ndi la wotsalayo. Thekali m'Chipwitikizi amalitcha meação, ndipo si cholowa ayi, si mphatso yochokera kwa apongozi, si chipukuta misozi. Linali lake kale. Chimene chimagawidwa ndi theka la malemu, kuphatikiza zimene malemu anali nazo asanakwatire, kapena zimene analandira yekha ngati cholowa kapena mphatso.

Tiyerekeze kuti bambo ndi mayi aweta mbuzi 12 ali m'banja, ndipo ali ndi ana awiri. Bambo amwalira. Mbuzi 6 ndi za mayi, zisakhudzidwe. Mbuzi 6 zotsalazo ndizo chuma cha masiye. Ngati palibe ngongole, zimenezi zimagawidwa patatu: ziwiri kwa mayi, ziwiri kwa mwana woyamba, ziwiri kwa wachiwiri. Mayi atsala ndi mbuzi 8. Wina adzati mayiyo wadya kawiri. Sanadye kawiri. Watenga zake, kenaka walandira gawo lake mofanana ndi ana.

Pa munda funso loyamba likhale lakuti: munda umenewu unabwera bwanji m'banjali? Ngati mayi anaulandira kwa amayi ake kapena kwa mbumba yake, ndi wake, ndipo abale a mwamuna alibe nawo gawo ngakhale malemuyo analimamo zaka 30. Ngati bambo anaulandira kwa makolo ake, umalowa m'chuma cha masiye. Ngati awiriwo anaswa mphanje pamodzi, kapena anapeza malo ndi thukuta lawo atakwatirana kale, theka ndi la wotsala. Musayambe kukangana za kagawidwe musanagwirizane pa funso limeneli, ndipo aitaneni achikulire amene anaona mmene zinayambira.

Ndani amalandira cholowa?

Kwa zaka zambiri dziko lathu linkatsatira lamulo la mu 1966, lomwe linatsala kuchokera pa ulamuliro wa Apwitikizi. M'lamulo limenelo oyamba anali ana ndi zidzukulu, achiwiri makolo, achitatu abale a bere limodzi ndi ana awo, ndipo mkazi kapena mwamuna wa malemu ankabwera pa malo achinayi. Tanthauzo lake linali lakuti mayi wopanda mwana ankapitiriridwa ndi alamu ake.

Zimenezi zinasintha ndi Lamulo la Cholowa, nambala 23/2019, la pa 23 Disembala 2019. Tsopano mkazi kapena mwamuna wotsala ali pa mzere woyamba pamodzi ndi ana. Ngati malemu sanasiye mwana kapena mdzukulu, wotsalayo amagawana ndi makolo a malemu. Abale a bere limodzi ndi ana awo amalandira pokhapokha ngati palibe mwana, palibe kholo, palibenso mkazi kapena mwamuna. Ngati palibe wachibale aliyense, chuma chimapita ku Boma. Ana onse ndi ofanana: wamkazi ndi wamwamuna, wa m'nyumba ino ndi wa kunja, wamkulu ndi woyamwa. Mwana amene anamwalira bambo ake ali moyo, gawo lake silitayika, limapita kwa ana ake.

Mwaona kale pamene lamuloli likugundana ndi mwambo wathu. Pakati pa Ayao, Anyanja ndi Amakhuwa mtundu umatsata kuchikazi, ndipo kale wolowa m'malo mwa mwamuna anali mwana wa mlongo wake. Mwambowu sunali wopanda nzeru. Pachikamwini mwamuna ankakhala kwa mkazi, ana ankadya za m'munda wa mayi awo, ndipo amalume ndiwo ankawayang'anira. Bambo akamwalira ana sankasowa pokhala, chifukwa nthaka imene anapondapo inali ya mbumba yawo. Koma taganizani za banja limene likukhala ku Sanjala, ku Namacula kapena ku Chiuaula, pa malo amene bambo ndi mayi anadzipezera okha, ndi munda wa chimanga, nyemba ndi mbatata kunja kwa mzinda. Banja limeneli silili pachikamwini, silili pachitengwa. Ana a mlongo akabwera kudzatenga nyumba ndi munda m'dzina la mwambo, ana a malemu alibe mbumba imene iwalandire pafupi. Mwambo umene unkateteza ana kumudzi, ukafika m'tauni umawasiya pamtetete. Malamulo Oyendetsera Dziko, pa ndime 4, amalemekeza miyambo yathu, koma pokhapokha ngati siikutsutsana ndi mfundo zake zikuluzikulu, ndipo imodzi mwa mfundozo ndi kufanana kwa mwamuna ndi mkazi. Dzina la malemu ndi udindo wake pa mbumba zingathe kupita kwa mwana wa mlongo monga mwa mwambo. Nyumba ndi munda wa banja zimatsata lamulo.

Lamuloli silikondera akazi okha. Mkamwini amene mkazi wake wamwalira nthawi zambiri amauzidwa kuti anyamule nkhwangwa ndi bulangete abwerere kwawo. Ngati munda unali wa mbumba yonse ndipo malemu ankangolimamo, n'zoona kuti bamboyo sangaunene kuti ndi wake. Koma malata amene anagula pamodzi, ziweto, ndi chimanga cha m'nkhokwe, theka ndi lake, ndipo pa theka linalo amagawana ndi ana.

Munthu angathe kulemba wilo, imene m'maofesi amati testamento, koma sangamane mkazi ndi ana ake zonse, chifukwa lamulo linawasungira gawo limene wilo siingalikhudze. Wilo yovomerezeka imadutsa m'manja mwa notário, mkulu wa Boma amene ntchito yake ndi kulemba ndi kutsimikiza zikalata. Mawu amene wodwala ananong'oneza mbale wake usiku angalemekezedwe ngati onse agwirizana, koma ku khoti si wilo.

Ukwati wosalembetsa ndi mitala

Ambiri mwa inu munakwatirana mwa mwambo, ku mzikiti kapena ku tchalitchi. Ukwati wotere, ukakhala wa mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi, umakhala ndi mphamvu yofanana ndi wa ku Boma ukalembetsedwa m'kaundula wa Registo Civil. Ngati sunalembetsedwe, khomo silinatsekeke. Lamulo la Banja la mu 2019, nambala 22/2019, limazindikira anthu awiri amene akhala pamodzi ngati banja kwa zaka zoposa zitatu mosalekeza, pamene palibe choletsa kuti akwatirane. Kukhala kotereku amakutcha união de facto. Lamulo la mu 2004 linkanena chaka chimodzi, choncho amene munaphunzira kale musasokonezeke. Wotsala pa banja lotere ali ndi theka lake, ndipo amalandira cholowa ngati wokwatiwa. Vuto lake ndi umboni. Pamene nonse muli moyo n'kosavuta kukatenga kalata yotsimikiza kuti mumakhala pamodzi. Mmodzi akamwalira, abale akakana, nkhaniyo imayenera kutsimikizidwa ku khoti.

Mitala lamulo siliiwerenga ngati ukwati, ndipo apa mkazi wachiwiri ndi wachitatu ali pa malo oterera. Ana awo onse amalandira mofanana ndi ana a mkazi wamkulu, pamenepo palibe chokayikitsa. Za mayi mwiniwake, musavomere chigamulo cha pakhomo musanakafunse kwa odziwa malamulo, makamaka ngati pali munda umene iye ankalima yekha, chifukwa munda umenewo ungakhale ufulu wake wa iye mwini.

Wosunga si mwini

Pakati pa tsiku la imfa ndi tsiku logawana pamadutsa miyezi, nthawi zina zaka. Munda sungadikire. Mvula ikagwa uyenera kubzalidwa, mbuzi ziyenera kudya, nyumba yobwereketsa iyenera kutoleredwa ndalama. Lamulo limaika munthu mmodzi wosunga chumacho, amene amatchedwa cabeça-de-casal. Woyamba kupatsidwa udindowu ndi mkazi kapena mwamuna wotsala. Ngati palibe, umapita kwa amene anatchulidwa mu wilo, kapena kwa mmodzi mwa olandira cholowa. Si udindo wa mchimwene wa malemu chifukwa chakuti ndiye analankhula kumanda.

Wosungayo amalemba mndandanda wa zonse zimene malemu asiya, amalima munda, amatolera ngongole za malemu kwa anthu, amalipira za maliro ndi zina zofunika. Angathe kugulitsa zokolola zimene zingawonongeke, monga mbatata kapena kabichi, koma sangagulitse nyumba kapena kupereka munda kwa munthu wina payekha. Zimenezo zimafuna olandira cholowa onse. Ayeneranso kufotokoza mmene ndalama zayendera. Langizo langa ndi lakuti mugule kope la ana asukulu, ndipo thumba lililonse lotuluka m'nkhokwe lilembedwe ndi tsiku lake. M'mikangano imene ndakhalapo pakati, kope lotere lathetsa nkhani mwamsanga kuposa malumbiro a anthu khumi. Wosunga amene abisa chuma kapena kuchisakaza angathe kuchotsedwa ndi khoti, ndipo wolandira cholowa amene abisa chinthu mwadala amataya gawo lake pa chinthucho.

Ngongole za malemu zimalipidwa kuchokera m'chuma cha masiye musanagawane. Koma sizidutsa malire a chumacho. Ngati malemu anasiya ngongole yoposa zimene anali nazo, wokongozayo sangalande mbuzi zimene mwana anadziwetera yekha. Dziwaninso kuti ndalama za INSS zimene zimaperekedwa munthu wolembedwa ntchito akamwalira zili ndi malamulo ake, ndipo zimapita kwa mkazi kapena mwamuna ndi ana. Si za pamphasa pogawana ndi abale onse.

Njira ziwiri: kwa notário ndi ku khoti

Ngati olandira cholowa onse ndi akuluakulu ndipo akugwirizana, simufunika woweruza. Banja limene lili ndi munda wa mwambo ndi ziweto lingathe kugawana pakhomo. Komabe yendani m'malire pamodzi ndi mfumu ndi oyandikana nawo, bzalani zizindikiro, lembani zimene mwagwirizana, ndipo aliyense asaine kapena adinde chala.

Koma banki, ofesi ya malo ndi kaundula wa nyumba sizimva za pamphasa. Zimafuna chikalata chonena kuti olandira cholowa ndi awa ndipo palibenso ena. Chikalatachi chimatchedwa habilitação de herdeiros, ndipo chimalembedwa kwa notário. Mumapita ndi kalata ya imfa, makalata osonyeza ubale wa aliyense ndi malemu, wilo ngati ilipo, ndi anthu atatu odalirika amene sadzalandira kanthu pa chumacho. Anthuwa amanena pamaso pa notário kuti olandira ndi amenewa. Kenaka chidule cha chikalatacho chimalengezedwa m'nyuzipepala kuti amene wasiyidwa adandaule. Sankhani mboni zolankhula zoona. Mabanja ena amabisa mwana wa kunja poganiza kuti nkhani ithera pomwepo, koma mwanayo akatulukira chikalatacho chimatsutsidwa ku khoti, ndalama zonse zimene munawononga zimapita pachabe, ndipo mboni zonama zimapalamula mlandu. Chikalatachi chimangonena eni cholowa, sichigawa. Kugawana nyumba yolembetsedwa kumafuna chikalata china kwa notário.

Njira yachiwiri ndi ya ku khoti, ndipo imatchedwa inventário. Imatsatidwa pamene abale akanika kugwirizana, ndipo wolandira cholowa aliyense ali ndi ufulu woipempha, ngakhale ena onse asakufuna. Imatsatidwanso pamene pakati pa olandira pali mwana wosakwana msinkhu, munthu amene sangathe kudziyendetsera zinthu, kapena amene sakudziwika kumene ali. Pamenepo ofesi ya Procuradoria imaimirira mwanayo. Woweruza amaitana wosunga chuma kuti alumbire ndi kupereka mndandanda, amaitana onse okhudzidwa kuti atsutse ngati pali cholakwika, chuma chimayesedwa mtengo, ngongole zimachotsedwa, kenaka chigamulo chimanena gawo la aliyense. Kuno nkhani zotere zimapita ku Tribunal Judicial da Cidade de Lichinga kapena ku Tribunal Judicial da Província do Niassa, malingana ndi kukula kwa chumacho. Njirayi imachedwa, sindikubisirani. Koma pamene pali ana aang'ono ndi abale a maso aatali, kuchedwa kwa khoti n'kwabwino kuposa kufulumira kwa pakhomo.

Ngati mulibe ndalama za loya, pitani ku IPAJ, bungwe la Boma lothandiza osauka pa milandu mwaulere, lomwe lili ndi ofesi ku Lichinga. Tengani kalata yotsimikiza umphawi, atestado de pobreza, imene imayambira kwa mlembi wa bairro.

Mfumu, bwalo la m'dera ndi apolisi

Mafumu, alembi a bairro ndi mabwalo a m'dera, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1992, ali ndi ntchito yaikulu. Amadziwa malire, amadziwa amene anaswa mphanje, ndipo amayanjanitsa anthu amene mawa adzakumanenso pa chitsime. Yambani kumeneko. Koma ntchito yawo ndi kuyanjanitsa. Sangachotse mkazi wamasiye pa mzere umene lamulo lamuika, ndipo amene sanakhutire ndi zimene agamula ali ndi ufulu wopita ku khoti la Boma.

Pali zina zimene si nkhani yoyanjanitsa konse. Kuchotsa malata pa nyumba ya namfedwa, kutseka chitseko ndi loko, kukolola munda wake, kapena kumuuza kuti sakhala pamalopo akapanda kulowedwa chokolo, kumeneko ndi kulanda. Lamulo nambala 29/2009, loletsa nkhanza za m'banja kwa amayi, linaika kulanda katundu wa banja mwamuna akamwalira pakati pa milandu yolangidwa. Kanenani ku polisi, ku ofesi yoona za mabanja ndi ana, kapena ku Procuradoria. Pitani ndi mndandanda wa zimene zatengedwa ndi mayina a anthu amene anaona.

Kusintha dzina pa malo

Mukagawana, ntchito siinathe ngati malowo ali ndi pepala. M'zaka zapitazi mabanja ambiri analandira mapepala a DUAT, ena kudzera mu ndondomeko ya Terra Segura imene inayamba mu 2015, ndipo ambiri mwa mapepalawa analembedwa dzina la munthu mmodzi. Pepala likatsala m'dzina la malemu, amene waligwira m'manja amayamba kudziona ngati mwini. Ngati malo ali mkati mwa mzinda, monga ku Sanjala, pitani ku ofesi ya malo ya Município. Ngati ali kunja kwa malire a mzinda, monga ku Chimbunila, yambani ku ofesi ya boma laling'ono yoona za ulimi ndi malo, imene idzakulozereni ku ofesi yoyeza malo ya chigawo. Kumeneko amafuna kalata ya imfa, pepala lakale, ndi habilitação kapena chigamulo cha khoti. Nyumba yolembetsedwa imasinthidwanso dzina ku Registo Predial.

Pa chuma cholembetsedwa pamabweranso nkhani ya msonkho wa cholowa, umene unakhazikitsidwa ndi lamulo nambala 28/2007. Lamulolo linaika 2 pa 100 kwa ana, makolo ndi mkazi kapena mwamuna, 5 pa 100 kwa abale a bere limodzi ndi ena oyandikira, ndi 10 pa 100 kwa anthu ena. Nkhani imeneyi imaonedwa ku ofesi ya misonkho, ndipo aliyense wolandira akhale ndi nambala yake ya NUIT. Ndalama iliyonse imene mwalipira, mu ofesi iliyonse, itsagane ndi lisiti.

Ngati munda ndi waung'ono moti kuudula kungausandutse timizere tosadyetsa munthu, simukakamizidwa kuugawa. Lamulo la Malo linalola kuti anthu angapo akhale ndi ufulu umodzi pamodzi, ndipo mayina awo onse alembedwe pa pepala limodzi. Pemphani kuti dzina la mayi ndi la mwana aliyense, ngakhale wamkazi wokwatiwa ku Mandimba kapena ku Metangula, lilembedwe. Musanachoke pa tebulo la kalaliki, werengani mayinawo mmodzimmodzi ndi kuwayerekeza ndi zitupa, chifukwa chilembo chimodzi cholakwika pa dzina chimabweza munthu ku banki ndi ku ofesi ya malo komwe. Pepala lenileni lisungidwe ndi wosunga amene nonse mwagwirizana, ndipo aliyense wa enawo atenge fotokope yake.